Chikwama Chakale Chisanakumane ndi Mvula ya ku Liwonde

Amene anatsikapo minibasi pa Liwonde m'mwezi wa Januwale akudziwa kuti mvula ya kumeneko imabwera mwadzidzidzi. Kumacha bwinobwino, dzuwa n'kumaswa mtengo, kenako mtambo wakuda umatulukira cha kuphiri la Chinguni. Ikakupeza uli pa kabaza pakati pa Kamuzu Barrage, pothawira palibe. Izi zinachitikira mnzathu wina wochokera tsidya la Balaka pamene ankapita kutchuthi. Kumsana anabereka chikwama cha kanvasi cha malamba a chikopa chimene anapatsidwa ndi amalume ake, ndipo m'katimo munali makope a manotsi a semesita yonse. Atafika kwawo anapeza inki yonse itasungunuka, masamba atamatirirana ngati chigumu.

Atabwerera kusukulu tinagwirizana kuti chikwamacho tichikonze, koma ulendo woyamba tinalephera. Tinangochipukuta pamwamba, n'kusungunula makandulo, n'kupaka. Patatha milungu itatu chinayamba kununkha, ndipo pansi pa phulalo panaoneka timadontho takuda. Tinali titatsekera chinyezi ndi chuku m'kati mwa nsalu. Apa m'pamene tinaphunzira mfundo yaikulu pantchitoyi: phula limabwera pomaliza. Choyamba timayeretsa, kenako timaumitsa, timasoka, timadyetsa chikopa mafuta, ndipo tikatha zonsezi m'pamene timapaka phula. Mukadumpha chimodzi, zotsatira zake mudzazimva ndi mphuno.

N'chifukwa chiyani tikuvutikira chikwama chakale?

Zikwama zambiri zimene timagula masiku ano ndi za nayiloni kapena poliyesitala. Chimene chimatchinga madzi m'zikwama zimenezi ndi kapulasitiki kopyapyala kamene amamata kunsi kwa nsalu. Pamalo otentha ndi achinyezi kapulasitikika kamayamba kunanda, kenako kamasupuka n'kumayoyoka ngati mfundu. Kakatero, palibe njira yapafupi yokabwezeretsera.

Kanvasi yeniyeni ndi thonje, lofanana ndi limene alimi a ku Balaka amalima, koma lolukidwa mothinana ndi ulusi wonenepa. Thonje likanyowa ulusi wake umafufuma, ndipo timipata ta pakati pa ulusi timachepa. N'chifukwa chake matenti ndi malona akale ankatha kupirira mvula. Tikawonjezera phula, ulusi uliwonse umakutidwa ndipo madzi amangogubuduka pamwamba ngati patsamba la koko. Phulalo likatha timapakanso lina. Choncho chikwama cha kanvasi chimatha kutsitsimutsidwa chaka ndi chaka mpaka kusiyira ana.

Nzeru imeneyi inachokera kwa amalinyero a ku Ulaya, amene ankapaka mafuta a linseed pansalu za zombo zawo ndi pazovala zawo. Vuto lake linali lakuti nsaluyo inkasanduka yachikasu ndipo inkauma gwa kukazizira. Cha m'ma 1930 makampani a ku Britain anayamba kugwiritsa ntchito phula lochokera ku mafuta a pansi, lofanana ndi la makandulo. Kampani ya Barbour, imene inayamba mu 1894 ku South Shields, imadziwika mpaka lero ndi majekete a thonje opaka phula, ndipo eni majeketewo amawapakanso phula akayamba kulowa madzi. Zimene tikufotokoza pano ndi ntchito yomweyo, koma yochitira pakhonde ndi mbaula.

Yambani mwachifufuza

Zikwama zoterezi zimapezeka pa kaunjika, ndipo zina zili m'masutukesi a agogo amene anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni kapena kuusilikali. Musanawononge ndalama, tsimikizirani zinthu zitatu.

Choyamba, kodi nsaluyo ndi thonje? Sololani kaulusi kumsoko wa m'kati n'kukayatsa ndi machesi, kutali ndi chikwamacho. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala, ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesitala imasungunuka n'kusiya kamkanda kolimba. Ngati ndi poliyesitala, phula silingalowe bwino, ndipo kutentha kungaiwononge.

Chachiwiri, kodi malambawo ndi chikopa chenicheni? Yang'anani m'mphepete modulidwa. Chikopa chimaonetsa timinyewa tosalongosoka, ndipo dontho la madzi limalowa pang'onopang'ono n'kusiya banga lakuda. Chikopa chabodza chimakhala ndi nsalu kunsi ndi pulasitiki pamwamba, ndipo sichimwa mafuta.

Chachitatu, kodi chikadali ndi moyo? Kokani nsaluyo mwamphamvu ndi manja awiri, makamaka kunsi ndi m'makona. Ikang'ambika mosavuta ndiye kuti thonje linawola, ndipo phula silingaidzutse. Pindani lamba pang'onopang'ono. Ngati akungosweka, kapena akusiya ufa wofiirira m'zala, lamba ameneyo watha ndipo ayenera kusinthidwa. Koma lamba wouma chabe, wa timing'alu ta pamwamba, amachira.

Kuyeretsa

Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Phula nalo likapeza litsiro limalisunga mpaka kalekale. Tulutsani zonse, tembenuzani chikwamacho, ndipo kuntheni fumbi ndi mchenga wa m'makona. Mchenga umenewu ndi umene umadya ulusi pang'onopang'ono munthu akamayenda. Kenako kwechani ndi bulashi youma. Ngati pali chuku, chitirani panja ndipo mangani kansalu kukamwa ndi kumphuno, chifukwa fumbi la chuku limayambitsa chifuwa, makamaka kwa amene ali ndi mphumu.

Pa chuku, sakanizani viniga woyera ndi madzi muyeso wofanana, pakani ndi kansalu pamalo onse amadontho, ndipo dikirani pafupifupi ola limodzi. Musagwiritse ntchito Jik. Imachotsadi madontho, koma imafooketsa thonje, imasukulutsa mtundu, ndipo imaumitsa chikopa. Nthawi zina banga la chuku limatsalabe ngakhale chukucho chitafa. Limenelo lisiyeni, silikuwononga kanthu.

Tsukani kanvasi ndi madzi ozizira ndi sopo wamtanda pang'ono, pogwiritsa ntchito bulashi. Musaviike chikwama chonse m'beseni, chifukwa chikopa chikakhuta madzi chimataya mafuta ake, ndipo nthawi zina utoto wake umasuluka n'kudetsa nsalu. Pewani sopo waufa. Ntchito yake ndi kuthandiza madzi kulowa mu ulusi, ndipo akatsalira m'nsalu amapitiriza ntchito yomweyo mvula ikagwa. Tsukuluzani mpaka thovu litatheratu. Chikopa chingopukutani ndi kansalu konyowa pang'ono.

Zitsulo nazo zikufuna diso. Dzimbiri silingodetsa nsalu, limadyanso thonje limene lakhudzana nalo. Likwecheni ndi waya wotsukira mapoto, mutatchinga nsalu ndi pepala. Timisomali ta mkuwa timatulutsa zinthu zobiriwira zonga phala pamene takhudzana ndi chikopa. Zimenezi zichotseni ndi kamtengo ka machesi ndi mswachi wakutha.

Kuumitsa

Apa ndi pamene ife tinagwera. Kanvasi imaoneka youma kunja pamene m'misoko yopindapinda mukadali madzi. Ikani mapepala akale m'kati kuti chikwama chiime bwino, chikolekeni pamthunzi pamene pakupita mphepo, ndipo sinthani mapepalawo akanyowa. Chipatseni masiku awiri kapena atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musachiyanike pamwala kapena padenga la malata, ndiponso musachiyandikize kumoto. Chikopa chonyowa chikatenthedwa chimakhwinyata n'kuuma ngati chikwatu, ndipo sichibwereranso. Liwonde ili m'chigwa cha Shire, pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 35 kawirikawiri. Kumeneko mthunzi wokha ndi wokwanira. Ndipotu nthawi yabwino ya ntchito yonseyi ndi Seputembala ndi Okutobala, mpweya ukadali wouma, chizimalupsa chisanagwe. Mu Febuluwale nsalu imatha kukhala sabata yathunthu osauma.

Kusoka

Sokani musanapake chilichonse, chifukwa nsalu ya phula imamata singano ndipo atelala sailandira pamakina awo. Chigamba chiikeni m'kati, ndipo chipitirire pong'ambikapo ndi masentimita awiri mbali zonse. Jinzi yakutha imapereka chigamba chabwino chifukwa nayo ndi thonje ndipo inachapidwa kale kambirimbiri. Nsalu yatsopano ichapeni kaye, apo ayi idzafupika ikanyowa n'kukoka msoko.

Malo amene amavutika kwambiri ndi pamene malamba a paphewa amalumikizana ndi chikwama, chifukwa katundu yense amalendewera pamenepo. Ntchito imeneyi ipititseni kwa osoka nsapato a pamsika. Apempheni kuti adutse m'mabowo akale m'malo mobowola ena. Mabowo akachuluka pamzere umodzi, chikopa chimang'ambika ngati pepala la risiti. Ndi bwinonso kuika kachikopa kena m'kati, kuseri kwa kanvasi, kuti ulusi usamakoke nsalu yokha.

Ngati mukusoka nokha, gwiritsani ntchito singano ziwiri pa ulusi umodzi, ina kunsonga iyi ina kunsonga inayo. Singano zonse ziwiri zidutse pabowo limodzi, ina kuchokera kutsogolo ina kuchokera kumbuyo, n'kukoka. Msoko woterewu suthothoka wonse ulusi ukaduka pamalo amodzi, monga umachitira wa makina. Ulusiwo upakeni phula musanayambe. Lamba wotheratu mungamusinthe ndi lamba wachikopa wa m'chiuno wa pa kaunjika. Zipi yolimba ipakeni kandulo m'mano ake.

Kudyetsa chikopa

Chikopa ndi timinyewa tambirimbiri tolukanalukana. Pochifufuta amaikamo mafuta kuti timinyewato tizitererana chikamapindika. Chikanyowa n'kuuma kambirimbiri mafutawo amatha, timinyewa timakhulana, ndipo chimayamba kusweka. Ntchito yathu ndi kubwezeretsa mafutawo pang'onopang'ono.

Ngati mungapeze dubbin m'sitolo zogulitsa nsapato, ndi yabwino. Ngati palibe, mafuta a nsatsi amagwira ntchito, ndipo sasasa msanga. Ife tinasungunula gawo limodzi la phula la njuchi m'magawo atatu a mafuta a nsatsi, ndipo zitazizira zinakhala ngati mafuta odzola. Pakani pang'ono ndi chala kapena kansalu, mbali zonse ziwiri za lamba, n'kusiya usiku wonse. M'mawa pukutani zotsala. Ngati akadali wouma, bwerezani. Kupaka pang'ono katatu kumaposa kukhuthulira kamodzi, chifukwa chikopa chokhuta mafuta chimalefuka, chimatamuka, ndipo mabowo a chomangira amakula. Musapinde lamba wouma mwamphamvu asanamwe mafuta.

Mafuta ophikira ayi. Amasasa, amanunkha, ndipo amaitana makoswe ndi nyerere. Oyilo wa galimoto amawononga chikopa ndi ulusi womwe. Polishi wakuda kapena wofiirira amawalitsa pamwamba pokha, ndipo amadetsa malaya. Dziwaninso kuti chikopa chilichonse chimada pang'ono chikamwa mafuta.

Kukonza phula

Timasakaniza mitundu iwiri. Phula la makandulo ndi lotsika mtengo ndipo limakana madzi bwino, koma palokha ndi lophwanyika: nsalu ikapindika limasweka n'kumayoyoka. Phula la njuchi ndi lonanda, limapindika pamodzi ndi nsalu, ndipo limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwa ife. Chikwama chakuda chimene chakhala padzuwa la Okutobala pa depoti chimatentha kuposa mpweya wozungulira, ndipo phula lofewa kwambiri limayamba kutuluka thukuta. Pachifukwa chimenechi ife timasakaniza theka la njuchi ndi theka la makandulo, ndipo sitithiramo mafuta alionse. Pachikwama chapakatikati tinagwiritsa ntchito makandulo awiri oyera ndi phula la njuchi lolemera chimodzimodzi, ndipo lina linatsala.

Phula la njuchi si losowa kuno. M'midzi yozungulira Liwonde National Park muli alimi a njuchi, ndipo bungwe la African Parks, limene lakhala likuyendetsa pakiyi kuyambira mu 2015, limalimbikitsa ulimi umenewu. Ambiri akafinya uchi, zisa amangotaya. Pemphani kapena gulani zisazo, ziphikeni m'madzi mpaka zitasungunuka, sefani ndi nsalu yakale, ndipo siyani zizizire. Phula limayandama n'kuuma pamwamba ngati chimbale, ndipo zinyalala za kunsi mumangopala ndi mpeni.

Chenjezo lalikulu ndi ili. Mukamva kuti anthu akunja amapaka paraffin pansalu, akunena phula la makandulo, osati palafini wa m'nyali. Palafini wa m'nyali satchinga madzi, ndipo amasandutsa chikwama kukhala chingwe cha nyali chodikira moto. Mafuta a linseed a m'sitolo za penti nawonso apeweni: amatenga nthawi yaitali kuti aume, ndipo sanza zonyowa ndi mafutawa zikaunjikidwa pamodzi zimatha kuyaka zokha.

Posungunula, musaike chitini cha phula pamoto mwachindunji. Ikani madzi mumphika, ndipo chitinicho chiime m'madzimo. Madzi owira sapitirira madigiri 100, choncho phula limasungunuka osafika poyaka. Musachoke pamotopo. Phula likayaka, vundikirani ndi chivundikiro kapena thirani mchenga. Madzi amaliwaza ndipo moto umafalikira. Zikasakanikirana, thirani m'kachitini kapena m'kapu yakale kuti liume ngati mtanda wa sopo.

Kupaka

Yesani kaye pamalo obisika, monga kunsi kwa chivundikiro, kuti muone mmene mtundu usinthire. Nsalu imada ndithu, ndipo chikwama chimalemerako pang'ono.

Ikani chikwama padzuwa kwa mphindi zochepa kuti nsalu ifunde, malamba mutawaphimba ndi nsalu. Kenako kwechani mtanda wa phula pakanvasi mwamphamvu, mbali imodzi panthawi, mpaka paoneke zoyererako. Tsopano phulalo liyenera kusungunuka kuti lilowe mu ulusi. Amene ali ndi makina oumitsira tsitsi agwiritse ntchito amenewo. Simbi nayo imatheka, yamagetsi kapena yamakala, bola isatenthe kwambiri. Ikani thabwa m'kati mwa chikwama, yalani pepala loyera pamwamba pa nsalu, ndipo sitani osaimitsa simbi pamalo amodzi. Nyuzipepala imasiya inki. Mukaona zoyera zija zazimirira ndipo nsalu yada mofanana, phula lalowa. Simbi isakhudze chikopa, zipi ya pulasitiki, kapena nsalu ya nayiloni ya m'kati, ndipo mukamaliza ipukuteni ikadali yofunda isanakaone malaya a munthu.

Madzi amalowa kwambiri m'misoko, pachivundikiro cha pamwamba, ndi kunsi pamene timakhazika chikwama pansi ponyowa. Malo amenewa apakeni kawiri kapena katatu, ndipo m'misoko kanikizani phula lofunda ndi chala. Koma mbali yogunda kumsana ndi kunsi kwa malamba musapake. Thupi likatentha phula limapita pamalaya, ndipo amene amavala yunifolomu yoyera kuchipatala sadzatikhululukira.

Kolekani chikwamacho pamthunzi masiku awiri, kenako pukutani ndi nsalu youma. Yesani pothira madzi ndi kapu. Akamagubuduka ngati mikanda, mwakhoza. Pamene nsalu yada n'kumwa madzi, dikirani paume n'kupakanso.

Chimene phula silingachite

Tinene zoona: chikwama chopaka phula si chidebe. Chimapirira mvula yokupezani pakati pa msika ndi kunyumba, ngakhale yamphamvu. Koma mvula ya tsiku lonse imapeza njira m'mabowo a singano ndi m'zipi, ndipo chikagwera mu Shire chimadzaza madzi ngati china chilichonse. Satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, foni ndi laputopu zizikhala m'jumbo yolimba yomanga pakamwa, m'kati mwa chikwamacho.

Kuyambira tsiku limeneli chikwamacho sichichapidwanso ndi sopo kapena madzi otentha, chifukwa zimenezi zimachotsa phula. Matope asiyeni aume n'kuwakwecha ndi bulashi. Chikanyowa, tulutsani katundu n'kuchikoleka chotsegula, osachiponya pansi pa bedi. Pochisunga chikolekeni pamsomali, kutali ndi simenti yozizira ndi chiswe, ndipo musachitsekere m'pulasitiki. Timizere toyera timene timaoneka mopindika si vuto, timazimirira tikafunda. Chaka chilichonse, mitambo isanayambe kusonkhana, thiraniponi kapu ya madzi kuti muone ngati pakufunika phula lina, ndipo malamba apatseni mafuta pang'ono.

Chikwama cha mnzathu chija tinachiyambiranso. Tinachotsa phula loyamba posita ndi mapepala mpaka atasiya kunyowa, tinapha chuku ndi viniga, tinachiumitsa masiku atatu, ndipo wosoka nsapato anasintha lamba mmodzi. Zonse zinatenga sabata imodzi, ndipo masiku ambiri anali ongodikira. Mu Disembala mvula inamupezanso akutsika pa Liwonde. Malaya ndi nsapato zinanyowa, koma makope anafika ouma. Amalume ake atachiona anachitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa ngati angabwereke popita ku Ntaja.